Ophunzira akungobwereza nkhani ya filimu m'malo moizukuta

Mphunzitsi wa Chichewa, dera la Linthipe, Dedza

Aphunzitsi anzanga, ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere sabata ino. Pofuna kuti ophunzira anga a Fomu 3 amvetse bwino tsatanetsatane wa nkhani, atengambali ndiponso malo ochitikira nkhani, ndinawaonetsa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ija inatuluka mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Ndinaisankha chifukwa inajambulidwa kuno kwathu ndipo zoyankhula zake zambiri zili m'Chichewa. Tinaionera pa laputopu imodzi yomwe ndinaisanjika pa mpando pamwamba pa tebulo, ana oposa 80 atapanikizana, akumbuyo ataimirira pa mabenchi. Magetsi anazima tili pakati, batire linatha, ndipo tinakamaliza Lolemba.

Nditawapatsa ntchito yoti alembe tsamba limodzi lozukuta filimuyo, pafupifupi kope lililonse linangodzaza ndi mawu oti "kenako". Kenako mvula inagwa, kenako anamuthamangitsa kusukulu, kenako galu anafa. Palibe amene anakhudzako zovala, nyumba kapena minda. Ena anatha theka la tsamba akuseka katchulidwe ka Chichewa ka ochita sewero ochokera kunja. Ndatsala ndi mapiriyodi atatu a mphindi 40 tisanalowe mutu wina. Ndiwagwiritse ntchito bwanji?

Mphunzitsi wa Chingerezi, dera la Lizulu, Ntcheu

Bambo, musawaimbe mlandu anawo. Munthu akaonera filimu ya pafupifupi maola awiri koyamba, maso ake amakhala pa chimene chichitike kutsogolo, ndipo mukamuuza kuti alembe adzakufotokozerani monga amafotokozera mnzake yemwe sanapite kukaonera vidiyo kumsika. Musaionetsenso yonse. Opanga ake anakuchepetserani kale ntchito, poti anaigawa m'zigawo zisanu zokhala ndi mitu yolembedwa poyera: kufesa, kukula, kukolola, njala ndi mphepo. Lembani mitu imeneyi pabolodi, kenako muwafunse funso limodzi lokha, lakuti n'chifukwa chiyani nkhani ya mnyamata wopanga makina oyendera mphepo yatsata kalendala ya mlimi osati ya sukulu. Ine nditafunsa zimenezi chaka chatha, mtsikana wina anayankha kuti zigawo zinayi zoyambazo n'za atate ake, chomaliza chokha ndiye cha mwanayo. Kuchokera pamenepo zinali zosavuta kuwaonetsa kuti mkangano waukulu si wa William ndi chilala, koma wa William ndi bambo ake.

Mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zisudzo, dera la Bembeke, Dedza

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Lizulu pa za tsatanetsatane, koma mbali yomwe yakuvutani kwambiri, achimwene, ndi ya zinthu zooneka, ndipo imeneyo siiphunzitsika ndi mafunso a pabolodi okha. Ana athu amaganiza kuti kamera inangofika pamudzi n'kujambula zomwe inapeza. Sadziwa kuti pamakhala munthu wolembedwa ntchito yosankha kuti pakhomo pakhale mtondo wotani, malaya ang'ambike pati, ndiponso kuti wailesi ya mu 2001 ioneke ya nthawi imeneyo osati ya lero. Filimuyo inajambulidwa patapita zaka zoposa 15 chichitikireni zinthuzo, choncho chilichonse cha masiku ano chinayenera kuchotsedwa pamaso pa kamera.

Njira yomwe imandithandiza ndi iyi. Sankhani mphindi zitatu zokha, muzimitse mawu onse, ndipo muimitse chithunzi. Gawani kalasi m'magulu ang'onoang'ono kuti azibwera pa laputopu mosinthana, poti wa kumbuyo kwa ana 80 sangaone ngakhale batani la malaya. Gulu lililonse lilembe zinthu khumi zomwe likuona, popanda kutchula zochita za munthu aliyense. Mukatero muimitsenso chithunzi china cha pakhomo pomwepo kuchokera m'chigawo cha njala, alembenso zinthu khumi. Adzaona okha kuti kubiriwira kwatha, kwatsala fumbi ndi nthaka yofiira, ndipo nkhokwe yomwe inali chuma cha banja yasanduka chinthu chongoima pabwalo.

Koma chida chachikulu ndi njinga. Auzeni aiwale anthu onse, atsate njinga yokha kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Njinga zofunika zilimo ziwiri. Yoyamba ndi ya mphunzitsi wa kusukulu kwa William, yomwe ili ndi dayinamo yoyatsa nyale, ndipo William akamaiyang'anitsitsa kumayambiriro kuja, ameneyo ndiye kalosera, chizindikiro cha zomwe zichitike kutsogolo, amene timavutika kumufotokoza m'mabuku. Yachiwiri ndi ya bambo ake, a Trywell. Kwa mlimi wa kumudzi njinga ndi galimoto, ndi ambulansi, ndi ulemu wa mwini khomo, ndipo ana a kuno kwa ife, omwe amaona makolo awo akukankha matumba a mbatata ya kachewere kupita nawo pamsewu, safunika kuwafotokozera zimenezo. Afunseni kuti mwana akamapempha kuti aidule njingayo kuti apangire makina ake pa nthawi yomwe banja likudya kamodzi patsiku, kodi akupempha chitsulo chabe. Akayankha funso limenelo, adzapeza okha kuti pampondachimera, pomwe nkhani imafika pachimake, si pomwe makinawo akutulutsa madzi, koma pomwe bamboyo akuvomera kuipereka.

Mphunzitsi wa Chingerezi, dera la Lizulu, Ntcheu

Pa za pampondachimera pokha sindikuvomereza kwathunthu, bambo. Woonera amapumira m'mwamba mpaka makinawo atazungulira, choncho mwana wolemba kuti ndi pamene madzi akutuluka sindingamulepheretse, bola apereke chifukwa. Mwina ndi bwino kuwasiya atsutsane okha.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, dera la Mtakataka, Dedza

Ndili ndi chenjezo limodzi lomwe anzanga sanalitchule. M'filimumo muli Gule Wamkulu, kuyambira pa maliro a kumayambiriro aja, ndipo kuno ku Dedza nkhani imeneyi si yoilowa mwachibwana. M'kalasi mwanu muli anyamata olowa gule omwe sangayankhe mafunso ena pamaso pa atsikana ndi osalowa, mulinso ana ochokera m'mipingo yomwe imawaletsa ngakhale kuyang'ana. Ine ndinalakwitsapo pofunsa kuti amene anavina m'filimumo anali ndani, ndipo kalasi yonse inangoti zii mpaka belu kulira. Funsani za ntchito ya zilombozo m'nkhani, kuti zikuoneka pa nthawi iti, ndipo n'chifukwa chiyani wopanga filimu akuzibweretsa pomwe pali imfa. Funso lotero aliyense angaliyankhe popanda kuulula za kudambwe. Mukafuna poyambira, akumbutseni kuti bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005, ndiponso kuti ku Chamare Museum ku Mua zinthu zimenezi zinasungidwa mwaulemu kuti anthu aziphunzirapo.

Za katchulidwe kaja musazitaye ngati phokoso. Chiwetel Ejiofor, yemwe anatsogolera filimuyo n'kuseweranso ngati bambo, ndi wa ku Britain, Maxwell Simba yemwe anasewera ngati William ndi wa ku Kenya, pomwe Lily Banda, yemwe anasewera ngati mlongo wake wa William, ndi wathu wa kuno. Ana anamva kusiyanako ndi makutu awo, ndipo ndiko kuzukuta komwe mukukufunako, kungoti sikunawongoleredwe. Afunseni kuti filimuyi inapangidwira ndani, ndipo ikanataya chiyani ikanakhala m'Chingerezi chokhachokha.

Mphunzitsi woyang'anira laibulale, Ntcheu boma

Ndingowonjezerapo pang'ono. M'buku lomwe Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, makina oyamba aja anayatsa mababu ndi wailesi pakhomo, ndipo za kupopa madzi zinabwera pambuyo. Filimu inasintha kuti makinawo apope madzi othirira mbewu nthawi ya njala yomweyo. Auzeni ana zimenezi, muwafunse chifukwa chake babu silikanakwanira kutsekera nkhani yomwe yayamba ndi kufesa.

Mphunzitsi wa Chichewa, dera la Linthipe, Dedza

Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso kudzapereka lipoti. Piriyodi yoyamba ndinaithera pa zithunzi ziwiri zopanda mawu zija, ndipo ndinatchajiratu laputopu kwa wometa tsitsi wa sola pamsika poopa zomwe zinachitika poyamba. Magulu anali khumi, ndipo nthawi inatithera magulu awiri asanafike kutsogolo, choncho amene mudzayese njirayi muchepetse zinthu zolemba zikhale zisanu. Piriyodi yachiwiri inali ya njinga. Mtsutso wa pampondachimera unagawa kalasi pakati monga momwe unakugawirani inu awiri, ndipo sindinagamule. Za gule ndinafunsa monga munandilangizira, bambo a ku Mtakataka, ndipo mnyamata wina yemwe sayankhula kawirikawiri anati zilombozo zimabwera kudzaperekeza, osati kudzaopseza, ndipo anathera pomwepo, inenso sindinamukakamize.

Chomwe sindinachiyembekezere n'chakuti ana ena anakafunsa kunyumba za njala ya 2002, yomwe inachitika iwo asanabadwe. Mtsikana wina wabwera ndi zomwe agogo ake anamuuza zokhudza mizere ya ku ADMARC ndi kudya gaga, ndipo akuti anthu a m'filimumo akuoneka onenepa poyerekeza ndi momwe zinalili. Ndamuuza kuti alembe zimenezo pansi pa mutu wa maonekedwe a atengambali. Mawa ndi piriyodi yachitatu, ndipo ndikufuna kufunsa za babu ndi madzi zija. Mayi a ku laibulale, ngati bukulo muli nalo, ndingatume mwana wa minibasi adzalitenge Lachinayi?