Thandizeni maganizo: kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi a m'nyumba pafoni

Abale, ndikumalizitsa nyumba ku Area 49 ku Lilongwe, ndipo ndikufuna magetsi ake ndizidzayatsa ndi kuzimitsa pafoni. Chimene chikundisowetsa tulo ndi giza yotenthetsera madzi ya 3kW, chifukwa imameza mayunitsi koopsa. Ndikufuna iziyaka yokha masana dzuwa likaswa mtengo, pamene sola ikupereka mphamvu zambiri, osati usiku n'kumatha batire.

Ndiye ndigule masiwichi a Wi-Fi monga a kampani ya Sonoff, kapena a Zigbee (njira ina yolumikizira zipangizo popanda waya) oyendera Home Assistant, pulogalamu yoyendetsera zipangizo za m'nyumba? A Zigbee akundikopa chifukwa amagwirabe ntchito intaneti ikaduka, komanso bandulo siyotchipa. Nanga waya wa neutral (wobwezera magetsi, amene ena mwa masiwichi otere amafuna), ndiwauze amisiri aukokeretu pasiwichi iliyonse? Amene munayesapo, chonde ndilangizeni msanga, pulasitala tiyamba Lolemba.