Kodi caucus imasiyana bwanji ndi chisankho chachipulula ku America?

Nachisale:
Ndikupempha odziwa kuti andithandize kumvetsa nkhani ina ya zisankho za ku America. Zipani za Republican ndi Democratic zikamasankha munthu wodzaziimira pa mpando wa pulezidenti, m'zigawo zina monga New Hampshire mumachitika chisankho chachipulula, pamene ku Iowa kumachitika misonkhano yotchedwa caucus. Kodi kusiyana kwake kuli pati, ndipo ndi njira iti imene imapereka mpata wabwino kwa munthu wamba?

Mbewe:
Mayi Nachisale, kusiyana koyamba kuli pa mwini ntchito. Chisankho chachipulula kawirikawiri chimayendetsedwa ndi boma la chigawocho pogwiritsa ntchito ndalama za misonkho, malo oponyera voti amatsegulidwa tsiku lonse, ndipo munthu amavota mwachinsinsi n'kubwerera kuntchito kwake. M'zigawo zina ovota ndi okhawo amene analembetsa m'chipanicho, pamene kwina aliyense amaloledwa kusankha chipani chimene akufuna kuvotamo.

Caucus ndi msonkhano wa chipani, ndipo chipanicho ndicho chimalipira zonse. Ku Iowa anthu amasonkhana 7 koloko madzulo m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'nyumba zowerengeramo mabuku, n'kumvetsera olankhulira opikisanawo. A Republican amalemba dzina pa kapepala, koma a Democratic, kufikira 2020, ankaima m'magulu m'chipinda chimodzi, aliyense kumbali ya munthu wake. Gulu limene silinakwanitse anthu 15 pa 100 aliwonse linkamwazika, ndipo anzawo ankawanyengerera maso ndi maso kuti alowe m'magulu otsalawo. Njira zonse ziwiri zimathera pa kugawa nthumwi zopita ku msonkhano waukulu wa chipani.

Nangondo:
Ndiwonjezere pa zimene a Mbewe afotokoza, chifukwa funso lachiwiri lija ndilo lofunika kwambiri. Mu 1968 a Democratic anasankha Hubert Humphrey pa msonkhano wa ku Chicago ngakhale kuti iye sanapikisane nawo pa zisankho zachipulula, ndipo mkwiyo wa anthu unachititsa kuti malamulo a chipani asinthidwe. Kuyambira pamenepo zigawo zambiri zinasamukira ku zisankho zachipulula, ndipo ine ndikuona kuti zinachita bwino. Namwino amene ali pa ntchito usiku, mayi wopanda womusiyira mwana ndiponso nkhalamba yosatha kuyenda, onsewa caucus imawasiya kunja chifukwa imafuna kuti munthu apezekepo yekha pa ola lomwelo. Pa 15 January 2024 ku Iowa kunazizira koopsa, ndipo a Republican amene anafika anali pafupifupi 110,000 okha, m'chigawo cha anthu oposa 3 miliyoni. Amene amatsala ndi anthu otengeka kwambiri ndi ndale, ndipo maganizo awo si a chipani chonse.

Gondwe:
Sindikutsutsa zimenezo, mayi Nangondo, koma caucus ili ndi ubwino wake umene sitiyenera kuunyalanyaza. Imakakamiza wopikisana kuyenda m'matauni ang'onoang'ono n'kuyankha mafunso a alimi, m'malo modalira zotsatsa za pa wailesi yakanema zimene amakwanitsa ndi anthu andalama. Jimmy Carter sankadziwika kwenikweni pamene anaposa opikisana anzake ku Iowa mu 1976, ndipo Barack Obama anapambana komweko mu 2008 asanagonje kwa Hillary Clinton ku New Hampshire. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuvota poyera, chifukwa ngakhale kwathu kuno, kumene nthumwi zina zimafola kumbuyo kwa wopikisana, timadziwa kuti n'kovuta kuima kumbali ina bwana wako kapena abusa ako akukuyang'ana.

Mbewe:
Bambo Gondwe, vuto lina ndi la kuwerenga mavoti, popeza ntchitoyo imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka. Mu 2020 pulogalamu ya pa foni imene a Democratic ku Iowa anakonza yotumizira zotsatira inakanika kugwira ntchito, ndipo panapita masiku angapo anthu asakudziwa bwinobwino amene anatsogola pakati pa Pete Buttigieg ndi Bernie Sanders. Pofika 2024 chipanicho chinachotsa Iowa pa malo oyamba n'kuikapo South Carolina, kumene kumachitika chisankho chachipulula ndiponso kumene ovota ambiri a chipanicho ndi anthu akuda.