Mwana wanga akuopa dokotala wa mano, ndichite chiyani?

Membala wosatchula dzina: Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga. Dzino lakumbuyo la mwana wanga labooka ndipo usiku sagona ndi ululu, koma ndikangotchula za dokotala wa mano amalira mpaka kukabisala kunsi kwa bedi. Bambo ake akuti ndinamusasatitsa, chonsecho iwo sanapitepo naye kuchipatala ngakhale tsiku limodzi. Apongozi anga nawo amamupatsa zotsekemera ine ndikachokapo, ndipo ndikadandaula amati ndilibe ulemu. Ndatopa kwambiri, moti kuntchito ndimafika maso ali psuu.

Mayi wa ana atatu: Mayi, simunatiuze zaka za mwanayo, komanso ngati anapitapo kale kwa dokotala wa mano. Mwana amene ulendo wake woyamba unali wokazula dzino likupweteka amakumbukira ululu umenewo, n'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti mwana azikaonedwa asanapitirire chaka chimodzi, mano asanayambe kuvuta.

Bambo wosabisa mawu: Ana a masiku ano mukuwanyengerera mopitirira muyeso. Mwana safunsidwa maganizo pa nkhani ya chipatala. Mumugwire manja, bambo ake amugwire miyendo, dzinolo lizulidwe, nkhani ithe.

Agogo a zidzukulu: Bambo, ine ndinagwiridwa motero ndili wamng'ono, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kwa makina obowolera dzino thukuta limatuluka m'manja. Mano anga ambiri anatha chifukwa ndinkazengereza kupita.

Bambo wosabisa mawu: Agogo, pepani, koma amenewo ndi mantha anu, musawaike pa mwana wa eni ake. Komanso awa ndi mano oyamba, adzagweruka okha, sindikuona chifukwa chochitira msonkhano.

Wothandizira dokotala wa mano: Bambo, mwadziwa bwanji kuti ndi dzino loyamba? Mano oyamba alipo 20, koma mwana akafika zaka pafupifupi 6 kumbuyo kwake kumamera mano akuluakulu osagweruka, ndipo makolo ambiri amawayesa oyamba. Mayi, mantha a kholo amapita kwa mwana mosavuta, choncho musafotokoze za ululu wanu iye akumva, ndipo musamuopseze ndi jakisoni akalakwa. Musamunamizenso kuti sadzamva kanthu. Pemphani dokotala kuti ayambe wamuuza zimene achite, amuonetse kagalasi koonera m'kamwa, kenako ayambe ntchito. Ngati tsaya latupa kapena thupi latentha, pitani naye lero lomwe.

M'bale wanthabwala: Ine ndikuona kuti oyamba kukhala pa mpando wa dokotala akhale apongoziwo, mwana aziona.

Bambo wosabisa mawu: Zoonetsana zipangizo ndi kutaya nthawi pamene anthu ena akudikira pamzere. Ine anga onse ndinawagwira, ndipo palibe amene anafa.

Mayi wa ana atatu: Kusafa si umboni woti saopa, Bambo. Mudzawafunse kuti anapitakonso liti paokha atakula.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Kodi apongozi angawo ndingawauze bwanji mwaulemu kuti asiye, poti mwamuna wanga amawaikira kumbuyo nthawi zonse?

Wothandizira dokotala wa mano: Mayi, mwanayo ali ndi zaka zingati, ndipo tsaya latupa kapena ayi?