Nkhuku ndi dzira m'bansi imodzi pa kadzutsa: ndikulakwitsa kapena?

Wofunsa (wabisa dzina): Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Nkhani yake ikuoneka yachibwana, koma yatiyambanitsa ndi achimwene anga kwa sabata yathunthu. Awirife tili ndi kamalo kogulitsira zakudya zachangu, ndipo m'mawa makasitomala athu ambiri ndi anthu othamangira kuntchito, ogula n'kumadya akuyenda. Panopa timagulitsa bansi ya dzira ndi tchizi, ina ya soseji ndi dzira, ndi khofi. Ine ndinati tiwonjezere yachitatu: chidale cha nkhuku chokazinga, dzira pamwamba pake. Achimwene anangoti ayi. Akuti choyamba, nkhuku si chakudya cham'mawa. Chachiwiri, akuti kumeneko n'kudya mayi ndi mwana wake nthawi imodzi, ndipo akangoganiza zimenezo amachita nseru. Ine ndinawaseka, koma ndiulule: nditaipanga kunyumba kuti ndiwatsutse, sinandikomere mmene ndinkayembekezera. Inali yolemera, ndipo nditafika pakati ndinatopa nayo. Ndiye kodi ziwirizi zimayenderana, kapena ndingowapepesa achimwene?

Membala wina: Achimwene anuwo muwafunse kuti nkhumba inalembetsa liti kukhala nyama yam'mawa. Wodzutsa anthu mbandakucha ndi tambala, ndiye ngati pali nyama yoyenera pa kadzutsa, ndi ya kubanja kwakeko.

Woweta nkhuku: Achemwali, za mayi ndi mwanazo zisakusowetseni tulo. Nkhuku yanyama ndi nkhuku yamazira ndi mitundu iwiri yosiyana, yowetedwanso m'makola osiyana. Nkhuku yanyama, yotchedwa broiler, imaphedwa ili ndi masabata 6 kapena 7, pomwe thadzi limayamba kuikira lili ndi masabata 18 mpaka 20. Ndiye kuti chidale chomwe mukukazingacho n'cha nkhuku yomwe sinaikirepo dzira n'limodzi lomwe, mwinanso inali yaimuna, poti m'khola la ma broiler mumakhala zonse. Mazira ogulitsa nawonso ambiri amachokera m'makola momwe mulibe tambala. Thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, ndipo dzira lotero ngakhale mutalifungatira chaka chonse simungatuluke mwanapiye. M'bansi yanuyo mulibe mayi, mulibenso mwana.

Bambo wachikulire: Mwana wanga, usawaseke achimwene ako. Mtima umene ali nawowo ndi wakalekale. Pa Deuteronomo 22:6-7 pali lamulo loti ukapeza chisa cha mbalame panjira, make atafungatira mazira kapena ana, usatenge make pamodzi ndi ana. Make umulole apite. Ine sindikuti bansi yako ndi tchimo, ayi. Ndikungoti kunyansidwa kotere kuli ndi kumene kumachokera, ndipo munthu sungamutsutse ndi masamu a masabata.

Mayi wina, poyankha bambowo: Zoona bambo, koma lamulo limenelo likunena za chisa chopezeka panjira, osati za m'khitchini. Ayuda omwe amasunga malamulo awo a zakudya otchedwa kosher mpaka lero amadya nkhuku ndi dzira pamodzi popanda vuto, chifukwa dzira saliwerengera ngati nyama kapena mkaka. Chomwe sangachite ndi kuika tchizi pa nkhuku. Ndiye ngati m'bansimo mulinso tchizi, wolakwa angakhale tchiziyo.

Wokonda kuyenda: Ku Japan sanabise n'komwe. Ali ndi chakudya chotchedwa oyakodon, ndipo dzina limenelo likutanthauza mbale ya kholo ndi mwana: tizidutswa ta nkhuku tophikidwa ndi anyezi mu msuzi wa soya, n'kuthiramo dzira lomenya, zonse n'kuika pa mpunga. Chinatchuka ku Tokyo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndipo lero chimagulitsidwa ngakhale m'malo a zakudya zachangu. Ku Ethiopia doro wat ndi nkhuku ya tsabola wambiri yomwe mumakhala mazira owiritsa athunthu, ndipo ndi chakudya cha pa zikondwerero zikuluzikulu. Komanso achimwenewo akamadya nkhuku yokazinga yokutidwa ndi ufa, akuganiza kuti ufawo umamatirira ndi chiyani? Ophika ambiri amayamba aiviika m'dzira. Mayonezi nayenso ndi dzira ndi mafuta. Akhala akudya banja lonse kwa zaka zambiri osadziwa.

Wophika wa zaka zambiri: Nonse mukulimbana ndi achimwene, koma mwasiya mawu ofunika kwambiri amene mayiwa anena okha: anaipanga, sinawakomere. Pamenepo ndiye pali nkhani.

Ganizirani chifukwa chake dzira limagwirizana ndi bekoni kapena soseji. Dzira palokha ndi lofewa, lamafuta, ndipo kukoma kwake n'kofatsa. Limafuna mnzake waukali: wamchere, wa fungo la utsi, wazokometsera. Bekoni amachita ntchito imeneyo. Tsono chidale cha nkhuku nachonso n'chofatsa ngati dzira lomwelo. Mukaika ziwirizi m'bansi yofewa, n'kuwonjezera tchizi, mwasonkhanitsa anthu anayi ofatsa m'chipinda chimodzi, palibe woyambitsa macheza. Lilime limatopa mukangoluma kachitatu. Oyakodon ndi doro wat zomwe anzathu atchulazi zimakoma chifukwa pali wachitatu wolankhula, soya kwinaku, tsabola kwinaku. Ziwirizo pazokha sizidzinyamula.

Ndikanakhala ine, chidalecho ndikanachisiya n'kutenga ntchafu yochotsa fupa. Ntchafu ili ndi mafuta ake, siuma msanga ikamadikira kasitomala, ndipo imamveka kuti ndi nkhuku. Muigoneke usiku mu mchere pang'ono, adyo ndi tsabola. Muisasanthe ikhale yopyapyala, chifukwa munthu woyenda sangalimbane ndi chinthu chosalowa m'kamwa. Kenako muikemo chowawasa: nkhaka za mu viniga, kapena sosi wa tsabola wokhala ndi viniga. Tchizi mumuchotse kaye, mulawe, muone ngati mukumusowa. Ine ndikukayika.

China chomwe anthu amaiwala ndi nthunzi. Dzira lotentha likakhala pa nkhuku yokazinga, n'kukulunga zonse m'pepala, pakangopita mphindi zochepa khungu lokukutika lija limasanduka phala. Muike dzira pansi, nkhaka pakati, nkhuku pamwamba, ndipo musamakulungiretu zambiri n'kuunjika. Dziralo likhale lomenya n'kupinda, osati la chikasu chamadzi. Chikasu choyenderera chimakoma pa mbale uli pansi, koma wa malaya oyera amene akudya akuthamangira basi sadzabweranso kwa inu.

Wofunsa: Bwana wophika, mwandigwira penipeni. Ndinagwiritsa ntchito chidale chonenepa, tchizi magawo awiri, ndi mayonezi. Chowawasa munalibe ngakhale dontho.

Mnyamata wina wa ku America: Zoti nkhuku si yam'mawa, kuno zinatha kalekale, makamaka kummwera. Kampani ya zakudya zachangu ya Chick-fil-A inayamba kugulitsa chicken biscuit, yomwe ndi nkhuku yokazinga mu biscuit, pa kadzutsa mu 1986. Biscuit ya kuno si bisiketi youma ija, ndi kabuledi kofewa ka batala. McDonald's ndi imene inazoloweretsa dziko kuti kadzutsa wachangu ndi dzira ndi nyama ya nkhumba, kuchokera pa Egg McMuffin yomwe Herb Peterson anaipanga ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Koma nayonso mu 2020 inaika zakudya ziwiri za nkhuku, McChicken Biscuit ndi Chicken McGriddles, pa kadzutsa m'dziko lonse. Chochititsa chidwi n'chakuti ziwiri zimenezi mulibe dzira, ndipo chicken biscuit wamba ya Chick-fil-A namonso mulibe. Mu Egg White Grill yomwe Chick-fil-A inatulutsa mu 2016, anaphatikiza nkhuku yowotcha ndi choyera cha dzira chokha. Ine ndikuona ngati nawonso anaona zomwe wophikayu akunena, kuti yokazinga ndi dzira lathunthu zimalemera.

Namwino: Ndiwonjezere za kuntchito kwathu. Pa mapuloteni palibe chodandaula: dzira limodzi lalikulu lili ndi magalamu pafupifupi 6, ndipo magalamu 100 a chidale chophika ali ndi pafupifupi 30, choncho wodya bansi yotere safulumira kumva njala. Chondidetsa nkhawa ndi mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, ndipo pano mchere uli mu buledi, mu nkhuku, mu tchizi, tsopano mwawonjezeranso nkhaka. Mukaika nkhaka, chepetsani kwina. Komanso nkhuku ndi mazira zonse zimatha kunyamula tizilombo toyambitsa matenda totchedwa salmonella. Nkhuku ipse mpaka madigiri 74 a Celsius mkati, ndipo mbale yomwe mwaviikamo nkhuku yaiwisi isakhale yomweyo yomenyeramo mazira a makasitomala. M'mawa anthu akachuluka pamzere, m'pamene manja amasokoneza mbale.

Mayi wa ana atatu: Ine ndili mbali ya achimwene, ndipo mundinene mmene mungathere. Zonse zomwe mwafotokozazi ndazimva, za ma broiler, za ku Japan, koma ndikaona dzira litakhala pa nkhuku, m'mimba mwanga simuvomera. Keke ndimadya, mayonezi ndimadya, bola ndisalione. Anthu ngati ine tilipo ambiri, ndiye musachotse bansi ya soseji ija, komanso wofuna nkhuku yokha muzimupatsa popanda kumufunsa mafunso.

Membala wina: Ndipo musadzaitchule kuti "mayi ndi mwana" pa chikwangwani, mwamva? Aku Japan anazolowera zawo.

Wofunsa, patapita masiku anayi: Ndabweranso, abale. Ndinatsatira wophika uja: ntchafu yochita kusasantha, tsabola, nkhaka za mu viniga, dzira lopinda pansi, tchizi ndi mayonezi kunja. Ndinamaliza yonse, ndipo mtsikana amene amatithandiza pa kauntala anapempha ina. Mbale ya nkhuku yaiwisi ndagula yofiira kuti isasokonezeke, zikomo anamwino. Tagwirizana kuti pa mndandanda tilemba bansi ya nkhuku, ndipo dzira likhala loonjezera kwa amene walifuna. Tiyesa mwezi umodzi, tiziwerenga kuti ndi angati akupempha dzira. Achimwene analawa, koma anayamba atsegula bansi, n'kuchotsa dzira ndi foloko, n'kuliika pa kambale pambali. Nkhukuyo anaiyamikira. Dziralo anadya pambuyo pake, patapita mphindi ngati khumi, ndi khofi.