Bodi ya bungwe loteteza ana ku Mkanda: tikhazikepo ndani?

Naphiri (mlembi): Mwaswera bwanji abale nonse. Monga tinamvana Loweruka, ndalama za chitukuko za chaka chino tiyambira bungwe lothana ndi kuzembetsa ana ndi atsikana kwathu ku Mkanda. Kuti tikalembetse pafunika bodi. Komiti yaing'ono yabwera ndi mipando 7: loya, akauntanti, namwino, abusa, wapolisi wopuma, mphunzitsi wamkulu wopuma, komanso bambo wa esiteti amene walonjeza kutibwereka galimoto ndi chipinda cha ofesi. Mayina ndatumiza kwa aliyense kumbali. Pano tikambirane ntchito zawo, tisanyozane.

A Mwale ku Joni: Zikomo amlembi. Ine ndiyambe, nthawi yopuma ndi yochepa kuno. Pa anthu 7 amenewa, amene amagona ku Mchinji ndi angati? Loya ali ku Lilongwe, akauntanti ku Blantyre, namwino ku Manchester. Foni ikalira usiku kuti mwana wakwezedwa njinga akulowera cha ku Zambia, adzuke ndani? Masukulu ndi abwino, sindikukana, koma mwana sawoloka malire pa Zoom.

A Banda (loya): Achimwene a Mwale, funso lanu ndi lomveka, koma mukusakaniza ntchito ziwiri. Wothamanga usiku ndi wina, wa bodi ndi wina. Bodi ndiyo imayankha ndalama zikasowa kapena bungwe likasumiridwa. Ndipo nkhani izi zimaferatu kukhoti chifukwa chosadziwa lamulo. Lamulo lathu la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limati wozembetsa munthu wamkulu atha kukaseweza zaka 14, wozembetsa mwana zaka 21. Pa mwana, ngakhale iye mwini kapena makolo ake anavomera, mlandu ulipobe. Koma kumudzi nkhani imathera pabwalo, wolakwa apereka mbuzi, basi. Kapena ifika kupolisi ngati yongowoloka malire opanda chiphaso, munthu nkulipira faindi nkutuluka. Wina azikhalapo wotsatira fayilo ndi kufunsa kuti mlanduwu mwautsegula pansi pa lamulo liti.

A Mwale ku Joni: Ndiye loya akhale wotilangiza, timuyimbire tikafuna. Mpando achite nawo chiyani?

A Banda (loya): Wolangiza amayankha akapeza nthawi. Wa bodi amasayina, dzina lake limakhala pachikalata. Kusiyana kwake nkomweko. Koma mpandowo sindikuulirira ayi, mukapeza loya wina wapafupi ndithokoza.

Aphunzitsi Mbewe: Ana anga, mundilole ndikambeko zomwe ndinkaona ndili pasukulu, chifukwa ena a inu munachoka kale ndipo mukaganiza za wozembetsa anthu mumaona munthu wachilendo wa galimoto yamagalasi akuda. Si choncho kwathu kuno.

Mvula ikayandikira, m'kaundula wa Sitandade 4 ndi 5 mumayamba kuoneka mipata. Mnyamata sanabwere sabata yonse. Ukatuma anzake, akuti wapita kwa amalume ake. Ukapita wekha kunyumba upeza amayi ake akupeta, maso pansi, pakhonde pali thumba la chimanga latsopano pomwe nkhokwe inatha kale mu Okutobala. Sufunsanso. Mwanayo wapita kukaweta ng'ombe kapena kukalima fodya kutsidya, pangano lake nloti pakatha chaka adzalandira njinga kapena wailesi. Amene anamutenga ndi munthu wodziwika, amadya naye nsima pamaliro, nthawi zina ndi mbale weniweni. Ena amabwerako ndi njingayo. Ambiri amabwera mapazi ali ming'alu yokhayokha, atawawerengera ufa ndi sopo yense amene anagwiritsa ntchito, ngongole yaposa malipiro. Kusukulu sabwereranso, amachita manyazi kukhala ndi ang'ono awo.

Tsono funso langa pa munthu aliyense wa bodi ndi ili: kodi mayi uja wa thumba la chimanga angamuuze zoona? Ine sankandiuza, ankandiopa. Ankauza mayi wina wogulitsa mandasi pageti la sukulu.

Nambewe (Manchester): Aphunzitsi, mwandikumbutsa kutali. Ine ndigwirizane ndi a Mwale pang'ono: mpando wanga ndikhoza kuusiya. Kuno ndithandize kusonkhetsa ndalama ndi kulemba ndondomeko ya momwe tingasungire chinsinsi cha ana, zimenezo ndingathe pa foni. M'malo mwanga muyike munthu wa zaumoyo wa komweko, ngakhale mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Mtsikana akabwera wavulazidwa, mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ine ndili kuno ndingachitepo chiyani?

Chachiwiri, pa mndandandawu palibe munthu amene zinamuchitikirapo. Tonse tikudziwa kuti kwathu kuli amayi amene anabwerako ku Oman. Amadziwa momwe ejenti amayankhulira pa Facebook, momwe pasipoti imalandidwira ukangofika, ndi chifukwa chake sungangochoka panyumba ya bwana chifukwa cha dongosolo lawo la kafala, loti chilolezo chako chokhala m'dzikomo chili m'manja mwa wokulemba ntchito. Palibe loya kapena namwino amene angafotokozere mtsikana wa Folomu 4 zimenezi nkumumvera ngati mmene angamverere mnzake amene anakaziona.

A Mwale ku Joni: Eyatu! Ndipo kumbukirani, amayi oposa 50 amene anabwerako aja, nkhani inayambira pa gulu la WhatsApp lomwe anatsegula mayi Pililani Mombe Nyoni ali ku America. BBC inaonetsa mu 2024. Panalibe bodi ya madigiri pamenepo.

A Chisale (akauntanti): Zoona achimwene, koma malizani nkhaniyo. Kuti amayiwo akwere ndege panafunika bungwe la Do Bold lokambirana ndi mabwana awo, panafunikanso ndalama za boma, chifukwa mabwanawo ankafuna kubwezeredwa zomwe analipira maejenti. WhatsApp inawapeza, koma sinagule tikiti.

Ine nkhawa yanga ndi ndalama. Mabungwe ang'onoang'ono ambiri safa chifukwa chosowa chifundo, amafa chifukwa cha malisiti. Chaka choyamba aliyense ndi wokondwa, chachiwiri wina afunsa kuti mafuta a mwezi wa Juni anayenda ulendo uti, palibe woyankha, a kunja aleka kutumiza. Maganizo anga: tiyambe ngati CBO, bungwe laling'ono la m'dera, tikalembetse ku ofesi ya Social Welfare paboma. Za NGORA, yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndi CONGOMA, mgwirizano wa mabungwewo, zibwere tikakula, chifukwa kumeneko kuli zolipira chaka ndi chaka komanso malipoti a ndalama. Osayina ku banki akhale awiri pa atatu, mmodzi wa ku Mkanda. Ndipo bodi isamalandire alawansi ya misonkhano, transipoti yokha. Mukangoyika alawansi muona anthu ofuna mipando achuluka mawa lomwe.

Mayi a Tadala: Pa za mayi wa ku Oman ndipemphe tisamale. Ndili ndi mphwanga amene anabwerako kunja movutika. Kufikira lero pachitsime amamunena. Mukamuyika munthu wotere pa bodi kuti pa 30 Julayi, tsiku lokumbukira nkhanizi, azikaima kutsogolo kulira anthu akujambula, mwamuzunza kawiri. Alowe ngati membala wamba, papepala palembedwe dzina lake basi, popanda mawu oti wopulumuka. Za moyo wake akambe akafuna yekha. Komanso mumufunse mwakachetechete, osati kudzera kwa amfumu.

Nambewe (Manchester): Ndi zimenezo achemwali. Ndipo misonkhano izichitika m'Chichewa, maminitsi m'Chichewa. Apo ayi adzangokhala chete a Banda akuwerenga zigawo za malamulo.

A Banda (loya): Ndamva, amayi. Ndiyesetsa 😄

A Zulu (Kapiri): Bwanji wapampando wa akabaza? Njira zachidule zonse zolowera ku Zambia amazidziwa ndi iwowa. Pachipata cha Mwami mwana wozembetsedwa sadutsapo.

A Kamanga (apolisi opuma): Pamenepo ndiye ndikane, a Zulu, ndipo ndikane ndi mtima wonse. Akabaza amadziwa njira chifukwa ena mwa iwo ndi amene amanyamula anawo. Ambiri sadziwa nkomwe kuti akuchita mlandu, kwa iwo ndi kasitomala. Wabwino pakati pawo ndi wofunika kwambiri kwa ife, koma mukamulengeza kuti ndi wa bodi, tsiku lomwelo anzake asiya kuyankhula akafika pasiteji, ndipo tsiku lina mudzamupeza atamenyedwa m'tchire. Munthu wokutsina khutu samuyika pa kalendala ya bungwe. Tikhale nawo pa ubale, tiwaphunzitse, tiwapatse nambala yothandiza ana ya 116 ndi ya ofesi ya kupolisi ya Victim Support, koma mpando ayi.

Ndiwonjezere. Pali anthu ena odutsa, ochokera ku Ethiopia ndi Somalia opita ku Joni. Mukukumbuka manda aja anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022. Amene amayendetsa zimenezo ali ndi ndalama zambiri ndipo saseka. Bungwe lathu lisadzayerekeze kuwalondola. Tikamva, tiuze apolisi, tibwerere ku ntchito yathu ya ana a m'midzi mwathu. Ndikunena izi chifukwa bodi ya anthu otentha mitima ingaphetse mnyamata wathu wongodzipereka.

A Zulu (Kapiri): Ndamva bwana. Ndabweza.

Abusa: Mtendere abale. Ine za mpando wanga ndilibe nazo mawu ambiri. Ndingoti mwa amayi a mumpingo muli amene amadziwa khomo lililonse lomwe mwana wasowa, kuposa ine. Ngati mpando wa mpingo ndi umodzi, apatseni iwo. Amfumu tiwalemekeze ngati otiyang'anira, koma asavote, chifukwa milandu ina idzakhudza anthu awo.

Mayi a Tadala: Aliyense akuzungulira, ndiye ndinene ine. Mpando wa 7. Bambo wa esiteti. Sindikuti ndi munthu woipa, maliro ambiri amatithandiza. Koma pa esiteti pamagwira ntchito mabanja ochokera kutali, ndi ana awo. Tsiku lina dandaulo likadzachokera pa esiteti yawo kapena ya mnzawo, tidzakwera galimoto yawo kukafufuza? Fayilo ya mwanayo idzasungidwa mu ofesi yomwe kiyi wake ali ndi iwo? Kumeneko nkuuza fisi kuti alondere khola.

A Gift Zulu: Amayi, mawu amenewo ndi olemera. Amenewo ndi amalume anga. Anthu awo amawalipira, ana awo amapita kusukulu, bwerani mudzaone. Munthu wadzipereka ndi galimoto yake, inu mwapereka chiyani choposa pamenepo? Mukawachotsa anthu adzati tawapeza ndi mlandu.

Naphiri (mlembi): Chonde tinapangana, ntchito osati munthu.

A Banda (loya): A Gift, pepani, mawu a fisi achotsedwe, koma mfundo ya mayi a Tadala ndi yoona, ndipo sikunena amalume anu. Fodya wa dziko lino ali kale pamaso pa anthu. Mu Novembala 2019 dziko la America linaletsa fodya wa ku Malawi kulowa kwawo pa nkhani ya kugwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza, makampani anachita kudziyeretsa mmodzimmodzi. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito nkuthetsa dongosolo la matenanti. Tsono bungwe lililonse lomwe tingakapemphe thandizo likaona mwini esiteti pa bodi, funso loyamba likhala lomwelo. Zomwezo ndinganene ngati wina pano ali ndi kampani yotumiza anthu kukagwira ntchito kunja, kapena malori owoloka malire. Ineyo ndikadzakhala ndi kasitomala woimbidwa mlandu wotere, ndiyenera kutuluka m'chipinda nkhaniyo ikamakambidwa. Tilembe zimenezi m'malamulo a bungwe, zikhudze tonse.

A Gift Zulu: Ndiye galimoto tiyiwale.

A Kamanga (apolisi opuma): Galimoto yodziwika mwini wake ingatipweteke. Ikaima pakhomo, mudzi wonse wadziwa. Nyengo ya mvula njira za kumalire sizifunanso galimoto, zimafuna njinga yamoto.

Aphunzitsi Mbewe: Gift mwana wanga, amalume ako ndinaphunzira nawo limodzi. Akafuna kuthandiza, pali fizi ndi yunifolomu za ana amene tidzawabweze kusukulu. Pamenepo palibe adzawanene. Mpandowo ndikupempha upite kwa mlangizi woteteza ana wa dera lathu, ngati ofesi yake ingalole. 

A Mwale ku Joni: Tikatero ogona ku Mchinji akhala 5 pa 7. Ine ndakhutira. Koma aliyense, ngakhale abusa ndi aphunzitsi, abweretse kalata ya kupolisi yoti alibe mlandu. Tikugwira ana.

Wapampando: Zikomo nonse. Ndamva motere: loya ndi akauntanti akhale, a Kamanga ndi aphunzitsi akhale, mpando wa namwino upite kwa wazaumoyo wa komweko, wa mpingo kwa amayi. Wa 7 pali maganizo awiri, mlangizi woteteza ana kapena mayi uja anakamba Nambewe. Ine ndikuona kuti mlangiziyo ndi wa boma, angamabwere pamisonkhano popanda voti, mpando nkupita kwa mayiyo ngati avomera. Tivota Lachisanu, amlembi atsegule poll. Mayi a Tadala, kukamufunsa ndi inu, ndipo dzina lake lisalembedwe pagulu pano. Kwa bambo wa esiteti ndipita ndekha ndi aphunzitsi Lamlungu, asamve kwa anthu.

A Gift Zulu: Muwauze bwino. Ine sindinenapo kanthu mpaka mupite.

A Chisale (akauntanti): A Zulu a ku Kapiri, mutifunsireko mitengo ya njinga yamoto malo atatu, mutumize zithunzi za makotesheni lisanafike Lachisanu. Muphatikize ndi zipewa ziwiri, china chaching'ono.