Mswachi wamagetsi kapena wamba kwa amayi odwala sitiroko?

Abale anga pagulu pano, ndigawireni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 67, ndipo ndikukhala nawo kuno ku Area 25 ku Lilongwe chidwalireni sitiroko chaka chatha. Kuyenda ayamba, koma dzanja lamanja likadali lofooka. Mswachi amagwira ndi lamanzere, ndiye amangopukuta mano akutsogolo, akumbuyo safikako. Akalavulira m'beseni thovu limakhala lofiira. Ndikati ndiwatsuke amakana, amati "sindine khanda ine." Amayi amenewa ndi aja ankatiyang'ana m'kamwa tisanapite kusukulu. Lero alendo akabwera amabisa pakamwa ndi chitenje, ndipo mtima umandiwawa.

Achimwene anga ku Johannesburg akuti atumiza mswachi wamagetsi wa Oral-B, uja wa kamutu kozungulira. Ine ndikukayika. Magetsi kuno amazimazima, mitu yake yosinthira sindinaionepo m'magolosale akwathu, komanso ndikuopa kuti kunjenjemera kwakeko kuwonjezera magazi m'nkhama. Kodi ndingowagulira wamba wofewa? Osamalira odwala, ndiuzeni zimene munaona.

Ndemanga

Wogwira ntchito kuchipatala cha mano: Pepani ndi matenda, achemwali. Munthu wa manja abwino, wotsuka mphindi 2 m'mawa ndi usiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride (wolimbitsa mano), mswachi wamba umamukwanira. Amayi anu vuto ndi dzanja, ndipo apa wamagetsi umathandiza kwambiri chifukwa umapukuta wokha. Iwo angouika pa dzino, kudikira pang'ono, n'kusunthira lina, osakanikiza. Kafukufuku wa 2014 wa Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anapeza kuti pakadutsa miyezi 3 miswachi yamagetsi imachepetsa litsiro lomata pa mano ndi 21% ndiponso kutupa kwa nkhama ndi 11% poyerekeza ndi yamba. Magaziwo nthawi zambiri amabwera chifukwa litsiro lakhalitsa m'mphepete mwa nkhama, choncho kusiya kutsuka ndiye kumawonjezera vutolo. Koma litsiro likauma n'kulimba ngati mwala palibe mswachi ungalichotse, pamafunika kulipala kuchipatala. Apititseni ku dipatimenti ya mano ku Kamuzu Central, mutenge ndi mankhwala onse amene akumwa. Aspirin amachititsa kuti magazi azituluka msanga, ndipo amlodipine wa BP amatupitsa nkhama mwa anthu ena. Musawasiyitse mankhwala aliwonse panokha.

Mayi wa ku Chilomoni: Zamagetsi zisakudetseni nkhawa, wanga ndikautchaja usiku umodzi umatha sabata yonse. Chofunika muwauze achimwene anuwo aike mitu 4 m'katundu momwemo, chifukwa mutu umasinthidwa miyezi 3 iliyonse, ndiye ikwanira chaka chonse. Asaiwale adaputala, mapulagi a ku Joni ndi a mano obulungira, salowa m'masoketi athu.

Bambo wa ku Kasungu: Ine ndikutsutsako pang'ono. Abambo anga tinawagulira wamagetsi, anaugwiritsa masiku awiri n'kuukana, akuti ukuwalirira m'mutu ngati njuchi. Chimene chinatithandiza n'kukulunga chogwirira cha mswachi wamba ndi kansalu, n'kumanga ndi mphira mpaka chinanenepa ngati chitsononkho. Dzanja lofooka limagwira bwino chinthu chachikulu. Yambani mwayesa zimenezi lero lomwe podikira katunduyo.

Wina: Agogo athu anafa ndi mano onse akutsukira mswachi wamtengo.

Wogwira ntchito kuchipatala cha mano: Mtengowo umachotsadi litsiro achimwene, koma umafuna zala zamphamvu. Achemwali, ndinaiwala ichi: ngati amayi amatsamwa pomeza, atsuke atakhala tsonga, mankhwala otsukira mano akhale ochepa ngati kambewu ka nsawawa. Akamaliza angolavula, asachukuche ndi madzi.

Mwini funso: Zikomo nonse. Za kansalu ndayesa madzulo ano, agwira bwino ndithu, ngakhale akumbuyo akanali kuwalumpha. Achimwene ndawauza atumize pamodzi ndi mitu ndi adaputala, ndipo Lolemba tipita ku Central. Funso latsala ndi ili: inu amene munasamalirapo kholo, munkatani kuti avomere kuwathandiza mano akumbuyo osawachititsa manyazi?