Ndiphunzitse bwanji evolution ana akamati ndikutsutsa Baibulo?

Moni aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji?

Ndili ndi vuto lomwe landisowetsa tulo. Ndimaphunzitsa Biology ku Folomu 4, ndipo tafika pa mutu wa evolution, wonena za mmene zamoyo zimasinthira pang'onopang'ono m'mibadwo yambirimbiri. Nditangotchula Darwin (wasayansi amene adatchuka ndi chiphunzitsochi), mtsikana wina, wanzeru kwambiri, adaimirira n'kunena kuti iye adalengedwa ndi Mulungu, sadachokere kwa nyani. Kalasi yonse idaomba m'manja. Mawa lake makolo awiri adabwera kudzandifunsa ngati ndidasiya kupemphera.

Ndidayesa kufotokoza kuti sayansi sinena kuti tidabadwa kwa anyani a lero, koma kuti ife ndi iwo tili ndi kholo limodzi lakalekale. Ndidawauza za chibwano cha munthu wakale chomwe chidapezeka ku Uraha, ku Karonga, mu 1991, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Ndidatchulanso tizilombo ta malungo tomwe tidasiya kumva chloroquine, mpaka dziko lathu lidasintha mankhwala mu 1993. Izi adamva, koma akuti Mulungu ndiye adakonza kuti zitero.

Inenso ndine Mkhristu, sindifuna kuphwanya chikhulupiriro cha mwana aliyense. Koma MSCE yayandikira. Inu mumatani kuti ana amvetse mutuwu osaona ngati akusankha pakati pa mayeso ndi Mulungu? Chonde ndithandizeni.